Botolo la pa Kilomita 30

Ndinafika Lachisanu, chikwama kumsana. Ine sindikhalitsa malo amodzi. Panali patatha zaka zinayi ndisanaponde pakhomo pa achimwene.

Ndinawapeza patebulo atapinda malaya, akudzibaya insulini pamimba. Pambali pawo kamakina koyezera shuga. Pansi nsapato zothamangira.

"Mlendo wathu uja," anatero alamu. "Tikuyalire, kapena ugona choimirira?"

Mpikisano wothamanga unali Lamlungu. Makilomita 42. Kwa achimwene unali womaliza. Phazi lamanzere linali litayamba dzanzi, ndipo dokotala anati likadzachita chilonda sadzachimva. Anawalola ulendo umodzi wokha. Iwo ankangofuna kukafika pamzere womalizira.

Anandilongosolera zonse. M'mawa wa mpikisano amachepetsa insulini, monga anagwirizana ndi dokotala. Amadya nthochi. Amayeza magazi asananyamuke. Masiwiti a m'thumba amawafikitsa pa kilomita 30. Pamenepo pamafunika munthu wogwira botolo la juwisi.

"Amaima pamenepo ndi alamu akowa. Ulendo uno ndikufuna iwe. Ungaime malo amodzi maola atatu?"

"Ndiyesa, achimwene."

"Timumange pamtengo," anatero alamu.

Loweruka ndinalowa m'sitolo. Mashelefu aatali, mabotolo mbwee. Ndinati mumtima, munthuyu ngwa shuga. Ndinasankha juwisi wolembedwa kuti alibe shuga. Kunyumba ndinamuthira m'botolo lawo labuluu. Sindinafunse munthu. Ndinadziona ngati wosamala.

Lamlungu ndinaima pafupi ndi malo omwetsera mafuta. Dzuwa linakwera. Sindinasunthe. Achimwene anatulukira milomo itauma, malaya ali chonyowa. Anagugudiza osalawa, nandisisita paphewa, napitirira.

Pa kilomita 34 anayamba kudzandira ngati woledzera. Kenako anakhala pansi pakati pa msewu. Ndinamva kwa wina wapanjinga.

Ndinawapeza mu tenti ya achipatala, diripi ili pamkono. Nesi anati shuga anatsika kwambiri. Nambala ya pachifuwa anali atawachotsa kale.

Alamu anatola botolo lija. Analawa madontho otsala. Anandiyang'ana.

"Unagula uti?"

Ndinawauza.

"Mlamu, munthuyu akamathamanga, shuga ndiye mankhwala ake." Sanakweze mawu. Bola akanandikalipira.

Achimwene anatsegula maso.

"Msiyeni mwana. Akanadziwira kuti? Matendawa anandipeza iye ali m'mabasi."

Ndinafuna kupepesa. Achimwene ananditsogolera kulankhula.

"Anatsala makilomita asanu ndi atatu okha," anatero, akuyang'ana denga la tenti. "Miyendo inalipo, ukudziwa. Miyendo inalipo ndithu."

Kunja anthu ankaombera m'manja amene ankafika pamzere. Wolengeza ankatchula manambala mmodzimmodzi. Achimwene anamvetsera kanthawi. Kenako anatembenukira kumbali.

"Tseka chinsalucho, mng'ono wanga."

Ndinatseka. Phokoso linkalowabe.