Kambali Kamene Dokotala Anasiya

Ntchito yanga ndi yochezetsa anthu mutu wawo uli chitsegulire. Chotupa chikamera pafupi ndi pamene pamachokera mawu, wodwala sitimugoneka opaleshoni yonse. Bongo sumva kuwawa, ndiye timamudzutsa pakati pa ntchito. Ine ndimakhala naye kuseri kwa nsalu yobiriwira, dokotala n'kumagunda bongowo apa ndi apo ndi kawaya ka magetsi. Munthu akangoti zii pakati pa nkhani, pamenepo sitidulapo.

Amene tinali nawo tsiku limenelo anali bambo wosoka nsapato, munthu woumira mawu ngati amachita kugula. Sabata yonse kuwodi ankawayankhira ndi akazi awo. Dokotala atafotokoza kuti akadula kwambiri bamboyo akhoza kusiya kuyankhula, ndipo akadula pang'ono chotupacho chikhoza kudzameranso, mayiwo sanachedwe.

"Chotsani chonse adokotala, bola moyo. Kuyankhulako amayankhula liti awa? Pakhomo pathu wailesi ndine."

Bamboyo anangogwedeza mutu n'kusaina.

Titawadzutsa mu fiyeta, ndinayamba kuwaonetsa zithunzi monga mwa masiku onse. Chipewa, anati chipewa. Njinga, anati njinga. Koma dokotala amafunanso nkhani yoyenda, yoti ikaduka tonse timve. Ndinawafunsa za ntchito yawo.

"Nsapato za masiku ano mumaziona bwanji, bambo?"

"Zimang'ambika."

Basi, du. Dokotala anachotsa kawaya msanga, wophunzira amene amajambula mapu a bongo pa kafukufuku wathu n'kuikapo chizindikiro. Atagundanso pomwepo, bamboyo anatchula chithunzi bwinobwino. Zinatero kangapo, mapu n'kudzaza zizindikiro zabodza.

"Sisitala," anatero dokotala kuseri kwa nsalu, "sindikudziwa ngati akusiya chifukwa cha ine kapena ndi chibadwa chawo. Zikapitirira chonchi nditseka, chotupa chonse chili momwemo."

Ndinapsa mtima, osati ndi dokotala koma ndi munthu wogona pa tebuloyo. Ndachezetsapo aphunzitsi, oyendetsa malole, ngakhale m'busa wina amene anatilalikira mpaka tinamupempha kuti apume. Uyu yekha amafuna kundigwetsa ntchito ndi kukhala chete kwake. Ndiye ndinatola miseche imene akazi awo anandiuza dzulo lake tikuyala bedi.

"Paja amayi akuti inu simunawafunsire. Akuti anakufunsirani ndi iwo, inu muli ndwii."

Maso awo anatembenukira kwa ine.

"Bodza limenelo."

"Iwotu akutero."

"Amabwera ndi masandasi ofiira, lamba ataduka. Ine ndimasoka ndi ulusi wofooka dala, kuti abwerenso. Akabwera amandikalipira kuti ndine mmisiri wanji, ine n'kumangomvetsera. Ndinasoka lamba ameneyo mpaka chikopa chinatha malo obaya. Ndiye anafunsira mnzake ndani pamenepo?"

Mu fiyeta simusekedwa kawirikawiri, koma wogonetsa odwala anatembenukira ku khoma. Bamboyo sanaimenso. Anakamba za khonde limene ankasokerapo, za mvula imene inawatsekereza awiriwo mpaka makasitomala onse atathawa, za mmene mayiwo anavulira nsapato n'kuyenda chabe kuopa kunyowetsa ntchito ya bamboyo. Dokotala anagwira ntchito mwakachetechete, makina oyamwa akungolira.

"Tsiku limene anabereka mwana woyamba, ine ndinafuna kuwauza kuti..."

Mawu anathera pomwepo. Milomo inkagwedera koma osatuluka kanthu, ndipo dzanja lawo linafinya langa mpaka zala kuwawa. Kumeneku sikunali kukhala chete kwawo kuja. Dokotala atachotsa kawaya, bamboyo anapuma kwambiri n'kufunsa kuti chachitika n'chiyani. Dokotala anagundanso pomwepo, mawu anadukanso.

Dokotala anawayankhula yekha, pang'onopang'ono.

"Bambo, chachikulu chatuluka. Kwatsala kambali kakang'ono, kamamatira pamene mawu anu akudutsa. Ndikakachotsa, mwina simudzayankhulanso. Ndikakasiya, tidzakawotcha ndi makina, koma kakhoza kudzakula. Tinagwirizana kuti ndichotse chonse. Mukutero mpaka pano?"

Ndinayembekezera kugwedeza mutu kuja, ngakhale mutuwo unali womangidwa pa chitsulo.

"Kasiyeni."

"Mwamvetsa zimene ndanena?"

"Ndamva. Izi ndauza sisitalayu. Eni ake sindinawauze."

Dokotala anafunsanso kachiwiri, yankho linali lomwelo. Anatseka. Wophunzira uja analemba kukula kwa kambali kotsalako, ine ndinakasamba m'manja. Sindikudziwa ngati anasankha bwino. Ena amakhala nako zaka zambiri, ena amabwerera msanga.

M'mawa mwake ndinakawapeza kuwodi, mutu uli m'mabandeji. Akazi awo anali atamva kale za kambali kaja, ndipo amakalipa uku akupinda zovala.

"Inu bambo a ana, mwasiyiranji? Mawu ake ati amene mukusunga? Mukufuna mundisiyire ana ndekha?"

Ndinasintha diripi ngati sindikumva. Bamboyo anadikira kuti mayiwo apume, koma sanapume, ndiye anawagwira pa mkono.

"Mayi, takhalani pansi. Mukukumbuka masandasi ofiira aja?"

Mayiwo anakhala, malaya ali m'manja, kukamwa kuli yasa. Ndinakoka katani n'kupita kwa wodwala wina.