Amayi Okana Kamera ndi Ambulera Yoyera

Linali Lachiwiri masana pamene mlamu wanga wojambula zithunzi, amene anthu anamupatsa dzina loti Ching'aning'ani, anabwera ku shopu kwanga atanyamula chitsulo cha miyendo itatu chimene amaimikapo getsi lake. Mwendo umodzi unali utathyoka. Ine ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo, ndiye ndinamufunsa kuti chathyoka bwanji. Iye anakhala pa chitini cha penti n'kuyamba kusimba, ndipo ndikuzinena monga anandiuzira.

Loweruka anali ndi ntchito ya ukwati. Mkwatibwi anali namwino, mwana wamkazi yekhayo wa bambo wina kalipentala ndi mayi wina telala. Lolemba lake ankayenera kunyamuka ndi mwamuna wake kupita kumene mwamunayo amagwira ntchito, ulendo wa masiku awiri pa basi. Tsiku limene anabwera kudzapangana naye za ntchitoyo, mtsikanayo sananene zambiri za keke kapena za galimoto. Anati zina zonse zikalakwika akhululuka, koma akufuna chithunzi chimodzi cha amayi ake, nkhope ikuoneka bwino, choti apite nacho. Ching'aning'ani anavomera msangamsanga, akuti imeneyo ndi ntchito ya mphindi imodzi. Mtsikanayo anangoseka n'kumuuza kuti amayi akewo sakuwadziwa.

M'nyumba mwawo munalibe chithunzi cha amayiwo ngakhale chimodzi. Tsiku limene mwana wawo ankalandira satifiketi ya unamwino, iwo anabisala kuseri kwa chitseko. Munthu akangotukula foni, iwo dzanja lili kale kumaso. Makasitomala awo mpaka ankawatchula kuti Mayi Musandijambule, ndipo iwo ankayankha ndithu.

M'mawa wa Lowerukalo mlamu wanga anayesa kuwajambula mobera. Ulendo woyamba anajambula chikwama. Wachiwiri anajambula kumbuyo kwa duku. Wachitatu amayiwo anamuyang'ana pamwamba pa magalasi awo n'kumuuza mofatsa kuti chinthu chakecho azilozetsa kwa amene akuchifuna.

Madyerero anali mu holo yaitali ya mawindo ang'onoang'ono a m'mwamba. Ngakhale kunja dzuwa linkaswa mtengo, m'katimo munali chimdima. Malo ena mlamu wanga amangolozetsa fulashi, getsi lake lija lophanima, kudenga loyera, kuwala n'kubwerera pa anthu mofewa. Koma denga la holoyi linali la malata akuda, kutali ngati kumwamba, ndipo makoma anali opaka penti wobiriwira. Akanawalitsa kukhoma, anthu onse akanatuluka ngati odwala chikasu. Ndiye anachotsa fulashi pa kamera, n'kuimangirira pa chitsulo chija, n'kutambasula ambulera yoyera kutsogolo kwake kuti kuwala kuzidutsa m'nsalu. Pamwamba pa kamera anaikapo kabokosi kakang'ono kamene kamauza fulashi kuti iphanime akangodina, popanda waya. Chitsulocho ankachiimika cham'mbali mwa anthu, chakutsogolo pang'ono, getsi lili pamwamba pa mitu yawo. Ntchito inkayenda bwino.

Nthawi itakwana cha m'ma 3 koloko, azakhali a mkwati, mayi wathupi lake ndithu, anabwera akuvina chobwerera m'mbuyo, maso atatsinzina. Anachigunda chitsulocho ndi chiuno, chinagwa, mwendo n'kuthyoka. Azakhaliwo anatembenuka, anachipepesa chitsulocho ngati ndi munthu, n'kupitiriza kuvina. Zithunzi za pabanja zinali zisanajambulidwe, ndipo eni holo ankafuna makiyi awo ikamakwana 5 koloko.

Ching'aning'ani anatola katundu wake n'kulowa m'kachipinda ka pambali kosungiramo mipando kuti aone ngati fulashi idakali moyo. M'menemo anapezamo amayi a mkwatibwi atakhala pa mpando, nsapato atavula. Anali atamva woyendetsa mwambo akulengeza kuti achibale akonzekere kujambulitsa. Sipanapite nthawi, bambo kalipentala aja analowanso, akufunafuna akazi awo. Anawanyengerera kuti mwana wawo akupita kutali, lero lokha alole. Amayiwo anati mwanayo nkhope yawo amaidziwa, waiona zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, sangaiiwale pa basi.

Apo bambowo anatulutsa kachikwama ka m'thumba, n'kusolola kachithunzi kakale kopindika m'makona, n'kumupatsa mlamu wanga. Chinali cha ukwati wawo. Diresi linali loyera mbuu, losaoneka msoko kapena batani. Pamene panayenera kukhala nkhope panali chibanga chakuda, ndipo pa magalasi panali timabokosi tiwiri toyera ngati maso a galimoto. Bambowo anafotokoza kuti wojambula wa nthawi imeneyo, pobweretsa chithunzicho, ananena pamaso pa apongozi ndi alamu onse kuti vuto si lake, kamera siiona usiku. Anthu anaseka, amayiwo, amene anali mkwatibwi tsikulo, anaseka nawo, koma kuyambira tsiku limenelo sanaimenso kutsogolo kwa kamera. Zaka makumi atatu ndi chimodzi.

Mlamu wanga akuti atangochiyang'ana anadziwa chimene chinachitika. Wojambula mnzake wakaleyo anawalasa amayiwo ndi fulashi ya pamwamba pa kamera, molunjika kumaso, n'kuchepetsa kuwala poopa diresi loyera. Anafuna kuwafotokozera zimenezo, koma anaona kuti mawu sangachotse zimene mawu anaika. Anangobweza chithunzicho n'kunena kuti:

"Amayi, ine sindikujambulani, ndalumbira. Koma ndili pa mavuto. Chitsulo changa chathyoka ndipo ndilibe wondigwirira getsi. Tandigwirirani kamphindi ndiyesere pa bambowa."

Amayiwo ndi munthu woti kamera amaikana koma ntchito sakana. Anadzuka.

Poyamba iye anabwezera fulashi pamwamba pa kamera n'kuwajambula bambowo molunjika, kenaka n'kuwaonetsa amayi pa kagalasi ka kumbuyo kwa kamera. Chipumi cha bambo chinkanyezimira ngati poto wopaka mafuta, masaya kulibe, shati yoyera yopanda mabatani, ndipo kukhoma kumbuyo kwawo kunali chimthunzi chachikulu chowazembera. Amayi anagwira pakamwa n'kunena kuti ameneyo ndi uja apolisi akumufunafuna. Bambo anati aonetsedwe, ndipo ataona anati ngakhale iwo eni sangamubwereke hamala munthu wotero.

Kenaka anachotsa fulashi ija, n'kuimangirira pa mtengo wa pakati wa chitsulo chija pamodzi ndi ambulera, n'kuwapatsa amayi. Iwo anaigwira m'munsi ngati mpini wa tsache, ndipo chithunzi chinatuluka bambo ali ngati mzukwa, mphuno ikuponya mthunzi m'mwamba. Amayi anaseka mpaka kutsamira mipando. Ching'aning'ani anawauza kuti asunthire cham'mbali, akweze mkono kuti ambulera ipitirire mutu wa bambo, aiweramitse pang'ono, ndipo ayandikire, chifukwa ambulera ikayandikira ndi pamene kuwala kumafewa. Anadina.

Ulendo uno amayi sanaseke. Bambowo ndi akuda kuposa akazi awo, koma pa kagalasi paja nkhope yonse inalipo. Tsaya limodzi linali lowala, linalo likulowa mumthunzi pang'onopang'ono. Imvi za m'ndevu zinkawerengeka, kachipsera ka chizulo chosemera matabwa ka pachibwano kankaoneka, ndipo m'diso lililonse munali kadontho kowala. Amayi anakankhira magalasi m'mwamba, anayang'ana chithunzi, anayang'ana mwamuna wawo, n'kunena chapansipansi kuti uyu ndiye uja anadzawafunsira. Bambo anakonza kolala n'kuyankha kuti iwo sanapite kulikonse, anthu ndi amene ankawaunikira molakwika.

Amayi anafunsa ngati ambulerayo ingaonetsenso zingwe za maluwa zimene anasokerera pa diresi la mwana wawo, chifukwa anathera milungu isanu ndi umodzi akuzisoka pamanja. Mlamu wanga anati zimatheka: ambulera iyandikire kunkhope, koma aipotoze pang'ono kuti mphamvu yake igwere kumaso, diresi lingolandira za m'mphepete. Amayi anati akufuna aone ndi maso awo. Anatuluka m'kachipindamo, mtengo wa getsi uli m'manja, nsapato ataziiwala pansi pa mpando.

Anthu mu holo anaima kuvina. Mayi Musandijambule anali ataima pafupi ndi kamera, osathawa. Chithunzi choyamba cha mkwatibwi chitatuluka, duwa lililonse la pa diresi likuoneka ndipo nkhope ili bwinobwino, amayiwo anagwedeza mutu ngati mmene amachitira msoko ukawongoka. Kuyambira pamenepo ntchito anailanda. Ankasuntha okha asanauzidwe. Pa gulu la anthu ambiri mlamu wanga anawauza kuti abwerere m'mbuyo kuti kuwala kukwanire onse, iye n'kuwonjezera mphamvu ya fulashi, ndipo ulendo wachiwiri sanafunikenso kuuzidwa. Anauza amalume a mkwati kuti apukute thukuta pachipumi chifukwa awononga chithunzi cha anthu. Anauza mkwati kuti atukule chibwano, sakupita kundende. Ana awo aamuna awiri ankangoyang'anana.

Anajambula a kuchimuna, a kuchikazi, anzake a mkwatibwi a kuchipatala, mpaka ophika. Kenaka woyendetsa mwambo, amene nkhaniyi sankaidziwa, anawerenga pa pepala lake kuti tsopano ndi mkwatibwi ndi amayi ake.

Ching'aning'ani anatsitsa kamera n'kuisiya ikulendewera pamimba, popeza anali atalumbira. Mkwatibwi anaima yekha pakati, akungopotokola chala cha gulovesi. Amayi anagwiritsitsa mtengo uja ndi manja awiri. Bambo anayenda pang'onopang'ono kudzaima patsogolo pawo, n'kutambasula dzanja.

"Patseni kuno, amayi ake. Inenso manja ndili nawo."

"Inu muwononga."

"Ndiye kaimeni apo muzindiuza."

Amayi anayang'ana mwana wawo nthawi yaitali. Anapereka mtengowo, anapukuta manja m'mbali mwa diresi, n'kutembenukira kwa mlamu wanga.

"Iwe mwana, ndikatulukanso ngati usiku, ambulera iyi ndikuthyolera pamutu."

Iye anayankha kuti wamva.

Amayi anakaima pambali pa mkwatibwi, owuma gwa ngati mzati, milomo atamanga. Bambo anagwira getsi m'munsi, kaya mwadala kaya mosadziwa, mlamu wanga mpaka lero sakudziwa. Amayi anayamba kuwalangiza: kwezani, sunthirani kuno, osati uko, mukuunikira khoma kodi? Ching'aning'ani anasuzumira mu kamera n'kuona kuti ambulera ikuonekera m'magalasi mwawo. Anapempha bambo kuti akweze kwambiri ndi kupita m'mbali sitepe ina, n'kupempha mkwatibwi kuti atukule pang'ono timiyendo ta magalasi a amayi kumakutu kuti magalasiwo aweramire pansi. Choyera chija chinachoka. Koma kuti afike pamenepo bambo anachita kuima ndi zala za kumapazi, jekete litakwera mpaka kumimba, lilime litatuluka pakona ya pakamwa monga amachitira akamapala thabwa. Amayi atawaona choncho analephera kudzigwira. Anaseka, mutu n'kugwera paphewa la mwana wawo, mwanayo nayenso n'kuseka misozi ili m'maso. Mlamu wanga anadina.

Anapita nayo kamera kwa iwo iye mwini asanachione n'komwe chithunzicho. Nkhope inalipo yonse. Maso ankaoneka kuseri kwa magalasi, mpata wa pakati pa mano unalipo, khungu linali losalala lofiirira cha pa tsaya, ndipo pambali pake maluwa a pa diresi anali onse. Mkwatibwi anaphimba nkhope ndi manja. Bambo anafunsa ali chiimire ndi zala ngati angatsitse mkono, koma onse maso anali pa kamera. Amayi anayang'ana kagalasiko nthawi yaitali kwambiri. Kenaka anati:

"Duku lapendama. Jambulanso."

Anawajambula kakhumi ndi kamodzi. Anafuna china ali okha, china ndi ana awo aamuna, china atavala nsapato, popeza wina anali atakazitenga. Pomaliza anati akufuna china ndi mwamuna wawo, cholowa m'malo mwa chakale chija. Panasowa wogwira getsi, ndiye anaitana azakhali aja anathyola chitsulo, n'kuwauza kuti popeza mwendo anathyola ndi iwo, akhale mwendowo. Azakhaliwo anagwira bwino ndithu, kungoti chiuno chinkapitirizabe kuvina, moti mlamu wanga ankachita kudikira ambulera ibwerere pamalo pake kuti adine.

Lolemba m'mawa anatsukitsa zithunzi ziwiri n'kuthamanga nazo kokwerera basi. Chachikulu, chija cha amayi akuseka, anapatsa mkwatibwi, ndipo mtsikanayo anakana kuchiika m'sutikesi, anati chiyenda pamiyendo pake. Chaching'ono, cha bambo ndi akazi awo, anapatsa bambo, iwo n'kuchilowetsa m'kachikwama muja. Chakale chija amayi anachitenga, akuti akachiika m'dirowa ya makina osokera, kuti mtsikana aliyense wobwera kudzayesa diresi la ukwati azimuonetsa chimenecho pamodzi ndi chatsopano cha m'kachikwama ka bambo n'kumuuza kuti afunse kaye wojambula wake kuti getsi amaliika pati. Anamufunsanso mlamu wanga ngati Loweruka likubwerali ali ndi womugwirira ambulera.

Atamaliza kusimba, ine ndinawotcherera mwendo uja, ndinaupala, n'kuuyesa pansi kuti ndione ngati sukugwedera. Kenaka ndinatseka shopu nthawi isanakwane, ndinapita kunyumba n'kuwauza akazi anga kuti asite diresi lawo la buluu lija, chifukwa Lamlungu mchimwene wawo akubwera ndi kamera, ndipo ambulera ndigwira ndine.