Wogwa Atsuke Makapu

Pagulu pathu panali lamulo limodzi lokha: ukabweretsa ganizo, unenenso chimene chingaligwetse. Ganizo likayesedwa n'kugwa, mwini wake ankatsuka makapu. Likakhala loti silingayesedwe n'komwe, ankatsuka makapu ndi ketulo yomwe. Anakhazikitsa lamuloli ndi mayi Tachibana, amene ankaphunzitsa masamu kusekondale, ndipo ngakhale anatisiya kalekale, palibe anayerekezapo kulisintha.

Tinkakumana Lamlungu masana m'kachipinda ka holo ya tawuni yathu, kukambirana za fizikisi. Katswiri panalibepo. Ine Enomoto ndakalamba ndikugulitsa magalasi a maso. A Kuwahara ankakonza mawaya a magetsi a sitima. Kale tinkadzaza chipindacho mpaka ena kukhala pakhomo, tikukangana za kuwala, za nyenyezi, za kumene nthawi imapita. Koma tawuni yathu ndi ya nkhalamba. Ena anapita kumanda, ena anatengedwa ndi ana awo kupita ku Sendai kapena ku Tokyo, ndipo kwa ife otsala ziwirizi sizisiyana kwenikweni. Chaka chatha tinatsala awiri, ine ndi a Kuwahara.

Sindinganame kuti anali munthu wofatsa. Anali wamakani, wolankhula mosapsatira, woti ngakhale nyengo ankatsutsana nayo. Koma ine sindinakwatirepo, ndipo kunyumba kwanga wolankhula ndi wailesi yokha. Sabata yonse ndinkasunga mawu, kudikira Lamlungu kuti wina adzandiyankhe, ngakhale mondinyoza.

"Ndawerenga kuti mwina kuli zilengedwe zina zambirimbiri, kupatula chathuchi," ndinatero tsiku lina, masamba asanayambe kuyoyoka m'mitengo.

"Mwawerenga pati, pa pepala lokulungira nsomba?" anatero a Kuwahara, akusenda nachesi. "Chingagwetse ganizo limenelo n'chiyani?"

"Palibe. Kuwala kwake sikungatifike."

"Basi dzukani, akulu. Ketulo yomwe. Ndipo muzikwecha zenizeni, osati kumangoipatsa moni."

Ndisanadzuke anandigwira mkono. Anatenga kamtengo kodyera, kamodzi mwa timitengo tiwiri timene timapanira chakudya, n'kutakasa tiyi wawo. "Taonani kaye apa. Zinthu zikamazungulira zimathawira m'mbali, ngati zovala m'makina ochapira. Nanga bwanji timasamba ta tiyiti tikusonkhana pakati?"

Ndinasuzumira. Zoonadi, timasambato tinali titaunjikana pakatikati, pansi pa kapu. Masana onsewo tinathera pamenepo. Ine ndinati mwina timasambato n'topepuka kuposa madzi, iwo anandifunsa ngati ndinaonapo chopepuka chikumira. Pamapeto pake anaganiza ndi iwowo: madzi apansi amachedwa chifukwa amakhuzana ndi kapu, choncho amakwawira pakati n'kukokera masamba komweko. Tinabwereka mbale yagalasi kukhitchini ya holo, tinadonthezamo sosi wakuda wa soya, ndipo tinamuona akukwawa pansi kulowera pakati. A Kuwahara anawomba m'manja ngati mwana. Ndinabwerera kunyumba ndikuseka ndekha mumsewu.

Chipale chofewa chitayamba kugwa, anafika tsiku lina nkhope ili gwaa. Anavula nsapato, anakhala pamkeka pafupi ndi mbaula ya palafini, osavula chikhothi.

"Lero ganizo ndabweretsa ndine," anatero. "Mwana wanga Chizuru akuti mutu wanga wayamba kudontha. Akuti ndinaiwala poto pamoto, akuti ndinasochera pochokera kusitolo. Akufuna anditengere ku Sendai, ndikakhale m'nyumba yosanja ngati njiwa. Ine ndikuti mutu wanga uli bwinobwino. Ganizo langa ndi limenelo."

"Chingaligwetse n'chiyani?" Funsolo linatuluka lokha, mwachizolowezi. Ndinalakalaka kulimezanso, koma madzi akatayika sawoleka.

Anagwedeza mutu mokondwa, ngati ndawapatsa mphatso. "Ndaganiza kale. Ndikadzabweretsa pano funso limene tinaliyankha kale, ndikuganiza kuti ndi latsopano, ganizo lagwa, ndipita. Chizuru ndamuuza, wavomera. Woyesa ndi inu, poti palibenso wina."

"Nanga nditakunamizani?"

"Inu? Munthu amene munandiuza pamaso pa anthu kuti magalasi anga akale ankandionetsa ngati kadzidzi? Simungathe."

Walira mvula walira matope. Kungoti matopewo anagwera ine. Akapita a Kuwahara, gulu latha, ndipo ine nditsala ndi wailesi yanga. Ndinachita mantha, mantha enieni, oposa amene ndinachita tsiku limene dokotala anandiuza za mtima wanga.

Ndiye ndinapeza nzeru, nzeru za munthu wamantha. Lamlungu lililonse ndinkafika nditanyamula maganizo mtolo wonse, kuti iwo asapeze mpata wobweretsa awo. Ndinabweretsa za zimene zinalipo chilengedwe chisanayambe. Ndinabweretsa zakuti mwina tonsefe tili m'maloto a makina. Ndinabweretsa zakuti zonse zinapangidwa ndi tizingwe tating'onoting'ono toti palibe chida chingatione. Zonsezo zosayeseka, ndipo ndinkadziwa. Ankandikalipira mpaka nthawi kutha, ine n'kukatsuka makapu ndi ketulo m'madzi ozizira mpaka zala kuuma, mtima uli m'malo.

"Kodi akulu, mwakwatirana nayo ketuloyi?" anandifunsa tsiku lina. "Mayi Tachibana akanakhalapo bwenzi atakuthamangitsani ndi tsache."

Ndinaseka nawo. Tsiku lomwelo anandiitana ndi dzina la munthu amene tinamuika m'manda zaka zapitazo, ndipo ndinangoyankha ngati ndi langa.

Zinayenda choncho mpaka chipale chinayamba kusungunuka. Lamlungu limenelo ndinali nditakonzeka ndi nkhani ya kubwerera m'mbuyo mu nthawi, koma ndisanatsegule pakamwa anakweza dzanja.

"Lero mutseke pakamwa, mwatitopetsa nazo nthano zanuzo. Ndili ndi kanthu kabwino. Ndakaona m'mawa uno, ndalephera ngakhale kumaliza mpunga wanga."

Anatenga kamtengo kodyera n'kutakasa tiyi wawo. Nkhope yawo inali itawala. "Taonani apa. Zinthu zikamazungulira zimathawira m'mbali, ngati zovala m'makina ochapira. Nanga bwanji timasambati tikusonkhana pakati?"

M'chipindamo munalibe mboni. Chizuru anali ku Sendai, mayi Tachibana kumanda. Ndikanatha kusuzumira m'kapumo n'kudabwa, kukabwereka mbale yagalasi, kudontheza sosi, kuwaona akuwombanso m'manja. Ndikanawasunga mwezi wina, mwina iwiri. Ndinkafuna kutero ndi mtima wanga wonse. Koma anali akundiyang'ana mondikhulupirira, ngati mmene munthu amayang'anira sikelo, ndipo ndinakumbukira poto uja woiwalika pamoto, m'nyumba yamatabwa imene amagonamo okha.

Ndinatenga kapu yanga, ndinaiika pafupi ndi yawo, n'kukankhira onse awiri patsogolo pawo, monga tinkachitira kwa wogwa.

Anayang'ana makapuwo. Anandiyang'ana ine. Anayang'ananso makapuwo nthawi yaitali, mbaula ikungolira yokha.

"Liti?" anafunsa.

"Masamba asanayoyoke."

"Yankho tinalipeza?"

"Tinalipeza. Munalipeza ndinu. Tinayesa, ndipo linaima."

"Hoo." Anapukuta kamtengo kaja pa chikhothi chawo. "Ndiye kuti ndinali wanzeru ndithu."

"Wamakani basi."

Anadzuka movutikira, atagwira tebulo. Ndinafuna kuwalanda makapuwo, koma anandimenya padzanja. "Chokani apo. Lamulo ndi lamulo. Ketulo ayi, chifukwa ganizo langa linali loyeseka, osati zinyalala zanu zija."

Ndinawatsatira kukhitchini, ndinaima pakhomo. Ankatsuka pang'onopang'ono, atandifulatira, mapewa atagwa. Ndinkafuna kupepesa, koma sindinadziwe kuti ndipepese chani.

"Zoti mwakhala mukutsuka ketulo dala nyengo yonseyi ndinaziona," anatero osacheuka. "Zimenezo zokha sindinaiwale. Woyesa wachinyengo inu."

Anatseka mpopi, anapukuta manja.

"Chinthu chimodzi chokha, a Enomoto. Yankho la timasamba tija musandiuze. Ndikaliganizire m'sitima, ulendowo ndi wautali."

Chizuru anabwera kudzawatenga maluwa asanaphuke m'mitengo. Lamlungu lotsatira ndinapitabe kuholo, poti miyendo inazolowera. Ndinayatsa mbaula, ndinathira tiyi, ndinanena mokweza ganizo langa la kubwerera m'mbuyo mu nthawi, lonse mpaka kumapeto. Kenako ndinadikira. Palibe anandifunsa chimene chingaligwetse, choncho ndinadzuka, ndinakatsuka kapu yanga, ndi ketulo yomwe.