Nkhope ya Amayi pa Chikwangwani

Pa msewu wa mashopu anthu ankamutchula Wamafuta, chifukwa ntchito yake inali yopanga mafuta odzola kumaso. Ankasakaniza yekha m'kachipinda kakuseri: mafuta a mapeyala, uchi, tiyi wobiriwira, nthanga za mphesa zosinja ndi makoko a malalanje oumitsa. Wogula akafunsa ntchito yake ya zonsezi, iye ankati, "Muli maantiokisidanti, zoteteza khungu kuti dzuwa ndi fumbi zisalikalambitse msanga." Mawuwo ankawatchula monyadira ngati anawapanga yekha.

Malonda atayamba kuzilala, wosindikiza wa shopu yoyandikana naye anamupatsa nzeru. "Achemwali, anthu amagula ndi maso. Ikani nkhope ziwiri pa chikwangwani, yamakwinya uku, yosalala uku."

Yosalala inali yake yomwe. Yamakwinya anaipeza mu foni: chithunzi cha amayi ake chimene anajambula pa ukwati wa mchimwene wake, akuseka mpaka maso kutsinzina. Wosindikiza anachidetsako kuti makwinya aoneke bwino, n'kulemba pansi pake kuti MUSADIKIRE KUFIKA APA. Wamafuta anadziuza kuti amayiwo sabwera m'tauni wamba, poti miyendo inkawavuta.

Malonda anayendadi. Ndiye tsiku lina masana, akumangira kasitomala botolo, anaona pa galasi mayi wachikulire ataima panja, chikwama atachikumbatira pachifuwa, milomo ikuyenda pang'onopang'ono powerenga. Anali amayi ake. Ankachokera ku chipatala kokayezetsa shuga, n'kuganiza zopatukira kuti amuone mwana.

"Taonani, agogo a pachithunzi aja!" anatero kasitomala uja, akuseka. "Abwera kudzagula mochedwa."

Wamafuta anasowa polowera. Amayi analowa, anapereka moni kwa onse, n'kukhala pa mpando. Anafunsa za ana, za apongozi, za denga lodontha. Za chikwangwani sanatchule. Pa nthawi yonyamuka m'pamene anati, motsitsa mawu:

"Mwanawe, tandipatsako kabotolo kamodzi. Sindimadziwa kuti ndafika pamenepa. Galasi lakwathu lija n'laling'ono."

Kukanakhala bwino akanamutukwana. Anawapatsa botolo, ndipo iwo atangokwera basi, iye anakwera pa mpando n'kuchotsa chikwangwanicho. Koma mawu oti pepani anamukanika kutuluka.

Amayi anayamba kuimba foni kawirikawiri. "Ndikudzola m'mawa ndi madzulo, monga unanenera. Kodi makwinya amayamba liti kuchoka?" Iye ankangoti, "Pitirizani, amayi," kenaka chakudya osachikhudzanso. Mlamu wake, amene ankakhala ndi amayiwo, anamuuza kuti asiya kupita ku kwaya. Ati akumaopa kuima kutsogolo kwa anthu, ndipo akamaseka akumaphimba kumaso ndi mpango.

Loweruka lotsatira Wamafuta anatseka shopu n'kupita kwa amayi ake. Anawapeza m'chipinda, atakhala pa bedi, botolo lili pa miyendo. Anagwada pansi.

"Amayi, ndinakulakwirani. Chithunzi chija ndinachiika popanda kukupemphani, ndipo wosindikiza anachita kuchidetsa dala. Simuoneka choncho ayi."

"Nanga mafutawa?"

"Amafewetsa khungu, amalitetezako ku dzuwa. Koma makwinya sachotsa."

Amayi anamuyang'ana. "Ndiye unkanamiza anthu, nkhope yanga n'kukhala mboni?"

Wamafuta anavomera ndi mutu.

"Ine ndinabereka ana asanu, ndinaika mwamuna m'manda, sindinachitepo manyazi kuyenda pa msewu. Manyazi ndawaphunzira kwa iwe, ndakalamba kale." Anapumira m'mwamba. "Malemu bambo ako ankati ndikaseka nkhope yonse imaseka. Masiku ano ndimadzifunsa ngati ankandinena."

"Ankakuyamikirani, amayi."

"Iwe khala chete, sunaliko."

Panja mlamu ankachapa, akukuntha zovala mwamphamvu ngati sakumva kanthu. Kenaka amayi anavula masilipasi n'kutambasula miyendo.

"Kumapazi kokha akuthandiza. Ndinayesa tsiku lina, ming'alu yayamba kutsekeka. Tandipaka, msana sundilola kuwerama."

Wamafuta anatsegula botolo, anatapa mafuta ndi zala, n'kuyamba kupaka chidendene cholimba ngati chikopa. Misozi inkagwera pa dzanja lake.

"Usalilire pamenepo, misozi ili ndi mchere, zindiwawa," anatero amayi.

Sananene kuti amukhululukira. Madzulo anamuperekeza mpaka pa geti, n'kumuuza kuti apereke moni kwa ana. Wamafuta atawafunsa ngati mawa apita ku kwaya, anati aona m'mene miyendo idzukire.