Chisa cha Mphamba M'malire

Mervis anamva kulira kwa nkhwangwa ali mkati mokumba mbatatesi. Anaponya khasu n'kuthamangira kumalire a munda.

Anapeza achimwene ake, a Paison, atavula malaya, akutema bulugamu amene malemu mayi awo anadzala powagawira mundawo awiriwo. Mtengowo ukagwa, malire apitanso. Paja chaka chatha akuluwa anamudyera kale mizere itatu, manyazi alibiretu, iye n'kungokhala chete poti ndi aakulu.

"Mukutani, achimwene?"

"Mphamba zakozi zandithera anapiye. Chisachi chigwe lero."

Pamwamba, yaikazi inali phee pachisa cha timitengo, yaimuna ikuzungulira m'mwamba. Mervis anawerama n'kutola zimene mbalamezo zinkataya patsinde: tizigaza ta mfuko, mafupa a mbewa, mchira wa buluzi.

"Nthenga ya nkhuku ili pati apa? Zimadya mfuko zomwe zimatiboolera mbatatesi. Zikukulonderani munda ulere, inu n'kumazithokoza ndi nkhwangwa!"

"Iwe, usandiphunzitse. Choka apo."

Apo m'pamene Mervis anakaona mu udzu: kamwana ka mphamba, kakufa, mutu uli zilonda zokhazokha. Sizinali zachilendo kwa iye. Chaka chilichonse yaikazi inkaikira mazira awiri. Mwana woyamba kuswa ankajompha mnzake, kumulanda chakudya, mpaka wamng'onoyo ankafooka n'kugwa, makolo akungoyang'ana.

Mtima unamuwawa kwambiri. Mbalame zankhanza chonchi, n'kumazivutikiranji? Anatsala pang'ono kuwauza kuti angodula basi, mkangano uthe, monga ankachitira masiku onse. Koma anakayang'ananso kakufako, mkwiyo n'kumukwera.

Anakatola n'kukaika m'dzanja la a Paison. Kenako anatsamira mtengowo, msana wake utaphimba pamene nkhwangwa inatema.

"Temani tsono."

"Mervis, wapenga?"

"Kamenako kanangokhala chete mpaka mkulu wake anakagwetsa. Inenso ndinabadwa wachiwiri, achimwene, koma m'chisa cha amayi simundigwetsamo. Ndipo mizere yanga itatu ija ndikuifuna mvula isanagwe."

A Paison anayang'ana m'dzanja mwawo nthawi yaitali ndithu. Anakaika pansi mosamala, n'kutola malaya awo, n'kunyamuka nkhwangwa akuikoka.

Mervis sanasunthe. Pamwamba pake, yaimuna inatera pachisa, itanyamula mfuko yonenepa.