Matalala pa Thandala la a Jobe

A Jobe anali asanamalize kulankhula pamsonkhano wa banja pamene matalala anayamba kugunda malata. Panali patapita masiku ochepa chiikire m'manda mng'ono wawo Rabson, ndipo mawu awo anali atamveka kale: malo ano ndi a banja la ku Kande, choncho Ester, mkazi wa malemuyo, ayenera kubwerera kwawo ku Dedza.

Phokoso linakula mpaka aliyense anangokhala chete. Ester anatseka maso, milomo ikugwedera m'pemphero.

Tamara, mwana wake wamkulu, anamunong'oneza kuti ada, bambo ake, akanakhalapo akanayamba nkhani yawo ija. Rabson ankaperekeza alendo a pa loji, ndipo Mjeremani wina anamuuza kuti kwawo matalala amati Hagel, kuti mawuwo ali pachibale ndi a Chingerezi, ndipo mwina kalekale ankatanthauza timiyala. Rabson ankaikonda nkhaniyi. Ankati anthu otalikirana chotere ali ndi agogo amodzi m'kamwa, koma sadziwana.

Ester anadzuka, nasolola chipepala cha pulasitiki kuseri kwa kabati, n'kutuluka wopanda chofunda kumutu. Akazi anamuitana, iye osacheuka.

A Jobe anamutsatira atakwiya, poganiza kuti akuthawa mlandu. Anamupeza kunyanja, pa thandala lawo lomwe, akufunditsa usipa umene anyamata anayanika m'mawa. Mphepo inkamulanda pepalalo, matalala akumumenya m'manja.

"Mlamu, mukutani?"

"Usipa wanu uwonongeka."

A Jobe anayang'anitsitsa pepalalo. Ankalidziwa. Zaka zambiri, mvula ikawapeza ali kumsika ku Chintheche, ankabwera n'kupeza nsomba zawo zofundidwa ndi pepala lomwelo. Ankayamika anyamata awo, anyamatawo n'kumangolandira.

"Ndiye anali Rabson?"

"Tinkagwira awiri," anatero Ester. "Ankati musadziwe, mungachite manyazi poti simunkalankhulana."

Madzi ankatsika m'ndevu za a Jobe. Kenaka anafunsa, maso ali pansi, ngati chinangwa cha m'munda wa malemu kumtunda chapaliridwa. Ester anati ayi. Iwo anati achipalire mvula ikakata, ndipo mbewu ya chaka chamawa asunge yekha, popeza mundawo amaudziwa ndi iyeyo.

"Rabson ankagwira mbali iti?"

Ester analoza kumene kunkachokera mphepo. A Jobe anazungulira thandala, naima kumeneko, msana atapereka ku matalala, n'kugwira nsonga ya pepala.