Khola la Anaukhondo Litati Zii

Khola la nkhumba likakhala chete m'mawa, mwini wake amalifika monyang'ama ngati wakuba. Ndi mmene ankayendera Anaukhondo sabata imeneyo, ndowa ili m'manja, mtima uli m'mwamba.

Dzinali anawapatsa ndi anzawo, poti khola lawo linkawala kuposa zipinda zogona za anthu ena. Koma mwa tiana khumi ta nkhumba imene malemu amuna awo anawasiyira, tinatsala tinayi tokha. Tinkafa osalira n'komwe. Lero katsegula m'mimba, mawa maso alowa, mkuja kali gone pakona, kozizira. Nkhumba yaikulu ija inkangoyang'ana pakonapo, osadya.

"Mlamu, apa pali dzanja la munthu," ananong'ona alamu awo ataima patali ndi chitseko. "Nkhumba sizifa mwaulemu chonchi. Onjezerani makapisozi ophera tizilombo aja m'madzi awo akumwa."

"Ndionjezerenso pati? Ndinayamba kuthira tsiku lomwe tinaleka kuyamwa, tisanadwale n'komwe."

Masana kunabwera alangizi a ziweto. Anasuzumira m'kholamo, kenako maso awo anagwera pamulu wa timapepala ta makapisozi pawindo.

"Mayi, mfiti yanu ndi iyi," anatero akutola kamodzi. "M'matumbo mwa kankhumba mumakhala tizilombo tabwino tosaoneka ndi maso, miyandamiyanda. Amenewo ndiwo eni nyumba. Amathandiza kugaya chakudya, ndipo toyipa tikabwera timapeza malo atatha. Mankhwala anuwa sasankha, asesa onse. Nanga nyumba ikakhala yopanda anthu, simukudziwa zimene zimalowamo?"

Anaukhondo anatembenukira kwa alangiziwo.

"Ndiye kuti ndatipha ndine?"

"Mumafuna kutiteteza. Koma inde."

Alangiziwo anapatula todwalato, n'kutipatsa madzi obwezeretsa mphamvu. Kenako anatulutsa paketi ya ufa wotuwa. "Umu muli tizilombo tabwino tija, tamoyo. Muzisakaniza ndi chakudya tsiku lililonse. Makapisozi musiye."

"Tamoyo? Ine, wosesa katatu patsiku, ndizidyetsa ziweto zanga tizilombo?"

Anasakanizabe, akuuyang'anitsitsa ufawo ngati uyamba kuyenda.

Kamodzi kanafa ndithu, kanali katafooka kale. M'mawa uliwonse mayiwo ankaima kaye panja pa khola, kuopa kutsegula. Tsiku lachisanu, asanafike n'komwe pachitseko, anamva kulira koboola m'khutu, tonse titatu tikulimbirana chodyeramo. Anatula ndowa, n'kukhala pansi, misozi ili chuchuchu.

"Phokoso limeneli tikhala nalo bwanji, mlamu?" anadandaula alamu aja.

"Ngati lakukwanani, samukani."

Phunziro: Si tizilombo tonse tili adani. Musapatse ziweto mankhwala ophera tizilombo zisanadwale kapena alangizi asanakuuzeni. Tizilombo tabwino ta m'matumbo timathandiza kuteteza tiana ta nkhumba, makamaka tikangoleka kuyamwa.